Kiyi Anali M'thumba la Nkhoswe

Anthu akamva nkhaniyi amayamba ndi kuseka, ndipo sindikuletsani, sekani ndithu, koma pali Mulungu kumwambaku, palibe chimene ndawonjezerapo. Zinandichitikira ine ndemwe kuno ku Perth zaka zingapo zapitazo, ndipo zipsera ndili nazo, kungoti zili pamalo poti sindingakuonetseni.

Kuno ndinabwera motsatira mayi akunyumba, omwe ndi namwino. Viza inali yawo, galimoto imodzi yomwe tinali nayo inkapita nawo kuchipatala, ine changa chinali njinga yakapalasa yomwe ndinkachoka nayo ku Armadale m'mamawa kukakolopa kufakitale ina ku Kwinana, mtunda woti pofika matako achita dzanzi. Mwana tinalibe, tinkangoyang'ana kwa Mulungu, ndipo mukudziwa kuti nyumba yopanda mwana sichedwa kuyaka moto.

Popeza amalume athu ali kutali, kuno banja limaimiridwa ndi amene mwamupeza kumpingo. Ife tinapempha bambo wina wa mawu ofatsa, wokonda masuti, kuti akhale nkhoswe yathu. Tsiku lina kukugwa chimvula, mayi wina wa ku Zambia amene ndinkagwira naye ntchito anandimvera chisoni, nakweza njinga yanga m'galimoto mwake n'kukanditula pafupi ndi kwathu. Mlandu wanga wonse unali womwewo. Nkhoswe uja anationa, ndipo m'malo mondifunsa ine, anakawanong'oneza akazi anga kuti mwana sakubwera chifukwa mbewu ikuthera m'munda mwa eni.

Titakhala pansi kuti tikambirane, bamboyo anati kwathu mwamuna woyendayenda amamutchera ndi mankhwala, koma ife akhristu sitipita kwa asing'anga, ndiye azungu anatipangira chabwino: kakhola kachitsulo kovala kumaliseche, kokhala ndi mphete yozungulira kutsinde ndi kaloko kake. Anati munthu wosalakwa sangakaope. Ndiye mundiuze, ndikanatani? Kukana kunali kuvomera mlandu, ndipo viza ili m'manja mwa mkazi amene akulira. Anakaitanitsa yekha pa intaneti, saizi yongoganizira ngati akugulira nsapato mwana wakumudzi. Makiyi anali awiri, wina kwa mayi, wina kwa iyeyo, poti nkhoswe ndiye amasunga za banja. Mayi ankanditsekera m'mawa n'kunditsekulira madzulo, mosemphana ndi nkhuku.

Palibe anaganizako za njinga. Chishalo cha njinga zakuno n'chopyapyala, cholozera kutsogolo, ndiye ukawerama kuti upalase, thupi lonse limatsamira pachitsulo chija ndipo mphete imadya khungu. Ndinapendeketsa chishalo, ndinavala makabudula awiri, ndinadzola mafuta, ndinaphunzira kukhala chammbali ngati mayi wokwera kabaza, koma dzanzi silinkatha. Nditadandaula, nkhoswe anati aliyense ali ndi mtanda wake.

Kenaka apongozi anga anamwalira kumudzi. Uthenga unafika ine ndili kuntchito, ndipo mayi ananyamuka tsiku lomwelo mutu utabalalika, kiyi atamumangirira pangodya ya chitenje monga ankachitira masiku onse. Anakumbukira atatera kale ku Lilongwe. Nditapita kwa nkhoswe kukapempha kiyi winayo, anandiseka n'kuti nthawi imene mkazi wachokapo ndiyo nthawi yeniyeni ya loko.

Inali nyengo ya dzuwa lija la kuno lotentha ngati ng'anjo, loti ungakazinge dzira paphula. Ndikuweruka masana, thukuta lili kamukamu, chitsulo chatentha, chigalimoto cha mafuta chinandidutsa pafupi kwambiri, mphepo yake n'kundikankhira kumbali. Tayala linagunda simenti ya m'mphepete mwa msewu, ndinatsetsereka pachishalo n'kugwera pamtanda wa njinga, pomwepo penipeni. Ndinaona mdima. Nditakwawira kuseri kwa tchire n'kuyang'ana, pamalopo panali patayamba kutupa, mphete yalowa m'mnofu, ndipo khungu likusintha mtundu ndikuona. Chimene chinandiopsa si ululu, koma kuti patapita kanthawi ululuwo unasiya, ndikatsina osamva kanthu.

Ndinaimbira nkhoswe, kumupempha kuti athamange ndi kiyi. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati mlandu womangidwa pamaso pa anthu awiri sumasulidwa ndi munthu mmodzi, tidikire mayi avomereze. Mayiwo ali kumanda, kumudzi koti netiweki amaifuna pamwamba pa chulu! Ndinalira, ine munthu wa ndevu zanga, kumuuza kuti ndikufa kumunsi kuno, iye n'kundifunsa kuti adziwa bwanji ngati mayi wa ku Zambia uja sali pambali panga. Ndinkamumva akutafuna chakudya. Kutafuna kuja ndikukumvabe mpaka lero, ndipo ndikakumbukira mtima umachita kuwira.

Ndinakhala kutchireko nthawi yaitali, chifukwa chipatala chapafupi n'chodzaza ndi anamwino omwe ndi amayi akumpingo kwathu, ndipo ndinkaganiza kuti bola kufa kusiyana n'kuvula pamaso pa amayi amene ndimaimba nawo kwaya. Manyazi anapha lambe, ndipo akanandipha inenso pakanapanda mzungu wina wa lole amene anandiona ndikuyenda chotang'adza, njinga ndikuikoka, nandikweza osafunsa zambiri n'kukanditula kuchipatala komweko.

Namwino woyamba kukoka katani anali mkazi wa nkhoswe yemweyo. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Mayiyo sanaseke, sanagwire pakamwa, anangoyang'ana n'kufunsa kuti kiyi ali kuti, ndipo nditamuuza kuti ali m'thumba la amuna ake, nkhope yake inagwa. Kachida kawo kodulira mphete za pachala kanalephera, mpaka anaitana anthu ozimitsa moto ndi makina awo odulira zitsulo. Tangoganizani, wagona chagada, makina akulira pakati pa miyendo yako, wina akuthira madzi kuti chitsulo chisakuwotche, fungo la chitsulo chopserera lili m'mphuno, ndipo dokotala akukuuza kuti ukasuntha pang'ono iwo alibe mlandu. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale la pachakudya. Atamaliza, dokotala anati magazi anali atasiya kuyenda, ndikanachedwa pang'ono akanachotsa zonse, ndipo mitsempha ina yavulala, mwina idzachira mwina ayi. Apo m'pamene nkhoswe anatulukira, atavala suti, kiyi ali m'manja, akuti sitinamvetsetsane pafoni.

Mayi atabwerako kumaliro analira kuposa mmene analirira bambo awo, ndipo ndinawakhululukira, ngakhale zinanditengera nthawi, chifukwa iwo ananamizidwa. Koma bambo uja ayi. Ankadalira kuti manyazi anditseka pakamwa, osadziwa kuti munthu amene wavulidwa pamaso pa ozimitsa moto manyazi amawasiya pabedi lomwelo. Pamsonkhano wa abambo, tsiku limene ankafuna kumusankha kuti azilangiza achinyamata ofuna kulowa m'banja, ndinaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira pa mvula mpaka pa makina, iye ali pomwepo wagwira Baibulo. Abambowo anayamba n'kuseka, koma nditafika pa kutafuna kuja kuseka konse kunatha. Sanamusankhe, mabanja ena amene ankawaimira anamusiya, ndipo mkazi wake anasamukira chipinda china. Abusa anandipempha kuti ndimukhululukire, ine ndinati ndikumupempherera, ndipo sindinaname: ndikapatsidwa mwayi wopemphera m'tchalitchi ndimamutchula dzina mokweza, kupempha Ambuye amupatse mtima wachifundo pa anthu ovulala pamsewu. Amasamukira benchi lakumbuyo, ine ndimakweza mawu. Mlandu suola.

Lero ndimakhulupirira kuti Satana savala nyanga, amavala suti ndipo amayamba ndi pemphero. Inu abambo anzanga, zimene mumagwirizana ndi akazi anu kuchipinda n'zanu, ine sindilowererapo, koma chitsulo chimenecho musakwere nacho njinga. Mukamva dzanzi tsikani, khungu likasintha mtundu thamangirani kuchipatala ngakhale mukapezeko kwaya yonse, ndipo kiyi wa thupi lanu asagone m'thumba la mwamuna mnzanu, kaya ndi nkhoswe, kaya ndi mkulu wa mpingo. Bambo uja ali ndi ana anayi, Lamulungu lililonse amadzaza benchi. Ine ndi mayi akunyumba timakhala awiriwiri, tikudikirabe mitsempha ija.