Mayi Ursula Chikaonda ndi Sikelo ya Ana Odwala Khansa

Mayi Ursula Chikaonda anabadwira ku Nathenje, m'banja la alimi a fodya. Makolo awo atamwalira, anakulira ku Area 2 kwa azakhali awo ogulitsa zitenje. M'mawa uliwonse ankayamba apita ku Misa, kenako kusukulu.

Ataphunzira unamwino, anapempha okha kukagwira ntchito ku wodi ya ana odwala khansa ya m'magazi, kumene anzawo ambiri ankaopako. Ntchito yawo inkaoneka yaing'ono: kuyeza kutalika ndi kulemera kwa mwana, kuti madokotala awerengere kukula kwa khungu la thupi lake lonse. Mlingo wa mankhwala umachokera pamenepo. Ukapitirira, mankhwala amamupweteka mwana. Ukachepa, khansa imabwerera. Kwa anamwino ophunzira ankati, "Thupi la mwana wodwala silikhala chimodzimodzi. Musakopere za dzana, muyezeninso."

Tsiku lina kunabwera Ikram, mwana wa telala wa pafupi ndi mzikiti, atafooka moti sankatha kuima pasikelo. Wovala zoyera aliyense akamuyandikira, ankalira. Mayi ake, a Mwanasha, anataya mtima n'kunena kuti angobwerera naye kunyumba. Mayi Ursula anafunda chitenje pamwamba pa yunifolomu, anamubereka mwanayo n'kukwera naye pasikelo, kenako anakwera okha n'kuchotsera kulemera kwawo kuti apeze kwa mwanayo. Kutalika anamuyeza ali chigonere. Ankachita zimenezi nthawi zonse mpaka mwanayo anayamba kukwera yekha. Lero Ikram ndi mnyamata wamkulu, amasoka malaya pakhonde limodzi ndi bambo ake.

Si onse anachira. Mwana akamwalira, Mayi Ursula ankapita kumaliro, kaya banjalo ndi lachikhristu kapena lachisilamu, mawa lake n'kubwerera kusikelo. Amuna awo, a Davison, atafa ziwalo, ankawasambitsa ndi kuwadyetsa asanapite kuntchito, ndipo ife a mumphakati mwawo sitinawamvepo akudandaula.

Atapuma pantchito, maso atayamba kufooka, ankapitabe kuwodi Lachiwiri lililonse kukagwira ana dzanja pamene anamwino achinyamata akuwayeza.

Anamwalira chaka chatha ku Area 47, kwa mwana wawo Triza, masana a Lamulungu atalandira Ukaristia. Triza atawafunsa ngati akuopa, anayankha motsitsa mawu, "Ayi, mwanawe. Kumene ndikupitako ondidziwa alipo ambiri."

Ambuye awalandire mu mtendere wawo, ndipo ife otsala atiphunzitse kusamala zazing'ono zimene moyo wa mnzathu umadalira.