Mawu a Amayi pa Maliro a Agogo

Fungo la fodya wa m'balani limandikumbutsa maliro a agogo aamuna pa purazi lina ku Trelawney m'dziko la Zimbabwe, ndili wamng'ono.

Agogo anali a gule wamkulu chichokere ku Malawi, koma anabatizidwa atakalamba. M'mawa wa maliro bokosi linangokhala pabwalo la komboni, a mpingo mbali iyi, a gule mbali inayo, aliyense akuti maliro ndi ake. Dzuwa linakwera, ntchentche zinayamba kutera pansalu yophimba bokosi.

Mlaliki anatsegula Baibulo. Anati pamene mtumwi anaimirira kulankhula pa Pentekoste, liwu lachigiriki limene linalembedwa ndi apofutengomai. "Si kucheza kumeneko," anatero. "Ndi kuima pagulu n'kutula mawu olemera momveka, ngati mneneri. Lero wolankhula chotero ndine."

"Asekuru awa ndi athu," anayankha mkulu wa gule.

Amayi, amene sindinawamvepo akukweza mawu ngakhale poingitsa nkhuku, anadzuka pamkeka n'kumangitsa chitenje.

"Bambo anga anavina, anapempheranso. Ndine ndinkawasambitsa akudwala, ndipo pathupi pawo sindinaone malire a gule ndi mpingo. Abusa, pempherani pano. Inu akuluakulu, ng'oma zanu zikalire kumanda. Koma alowe m'nthaka dzuwa lisanapendeke."

Thirakitala inkamveka kutali kumunda. Kenako mlaliki anatseka Baibulo n'kukagwira bokosi kumutu, mkulu wa gule anagwira kumiyendo. Ine ndinakangamira chitenje cha amayi, ndipo tinatsatira bokosi kupita kumanda.