Mapepala a Inki Yofiira

Ndinakhoma chitseko cha nyumba yanga ku Kabwata nthawi ili hafu pasiti sikisi m'mawa, Lachiwiri, mwezi wa Okutobala. M'chikwama ndinaikamo botolo la madzi, kathaulo kopukutira thukuta ndi mtolo wa mapepala wokulunga m'chitenje. Mtolowo unali utakhala kunsi kwa matiresi anga miyezi inayi, kuyambira sabata imene tinaika m'manda mwana wanga Tikambenji.

Tika, monga ankamutchulira anzake, anali ku yunivesite. Digiri yoyamba anamaliza bwino, ndiye anabwereranso kukachita yachiwiri imene amati masitazi. Ankafufuza za mfutso, mmene amayi a m'tauni amaumitsira ndiwo zamasamba. Ine ndinkamuseka kuti anthu amapita kusukulu kuthawa mfutso, iwe wapita kukaufuna. Anadwala masiku asanu okha m'nyengo yozizira, n'kutisiya.

Ine sukulu ndinalekera giredi folo kwathu ku Katete. Ndinatengako zinthu zitatu: kulemba dzina langa, kuwerenga Baibulo la Chinyanja, ndi kuopa inki yofiira. Aphunzitsi athu akazunguliza mawu ako ndi cholembera chofiira, chotsatira chinali ndodo. Ndiye pamene tinkagawa katundu wa malemu, ndinapeza m'sutukesi yake mapepala ambiri a Chingerezi, tsamba lililonse lofiira. Mizere, mivi, zozunguliza. Ndinafunafuna chongi ngakhale chimodzi, osachipeza. Mumtima ndinati, kani mwana wanga analephera ndipo anachita manyazi kundiuza. Ndinawabisa achibale asanawaone. Laputopu yake inapita ku Petauke ndi atate ake aang'ono, ndipo mwana wawo anafufuta zonse kuti aikemo nyimbo.

Kenako Bwalya, mtsikana wa ku Kasama amene ankagona naye chipinda chimodzi, anandiimbira foni. Anati a Dokotala, mphunzitsi amene ankayang'anira ntchito ya Tika, akufuna mapepala alionse amene anatsala. Ndinamuyankha kuti ndifufuza, chikhalirecho ndinkagona pomwepo. Ndinazengereza masabata atatu. Ndinkaopa kukamva ndi makutu anga, pamaso pa anthu ophunzira, kuti mwana amene ndinamunyadira m'Kabwata monse anafa ali wolephera.

Pa siteji ya mu Burma Road ndinapeza basi yatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anandiyang'ana, nayang'ana mpando wokhala kale anthu atatu onenepa.

"Ba mami, ngenani. Imwe ba bosi, sendelani, muli na malo yambili kumbuyo kwanu."

"Malo yali kuti?" anadandaula bambo wa tayi. "Nikhale pa windo panja?"

"Pumani pang'ono chabe, muzapuma maningi mu tauni."

Ndinalipira makwacha khumi ndi awiri, ndinakhala ndi thako limodzi, chikwama ndili nacho pachifuwa ngati khanda. Magalimoto anali atathithikana, ndipo ulendo umene munthu wachinyamata angauyende pansi unatitengera mphindi makumi anayi.

Cha m'ma hafu pasiti seveni ndinali pa siteji yaikulu ya Kulima Tower. Anyamata oitanira mabasi anandizinga, wina kugwira mkono, wina kukoka chikwama. Chikwama chokha ndinakaniza. Wina ankakuwa kuti, "Chelstone, Avondale, umodzi chabe tiyende!" Nditalowa ndinapeza tili anthu anayi, ndipo awiri anatsika basi itayamba kudzaza, poti anali ongokhalamo kuti ioneke ngati ili ndi anthu. Ndinagula vitumbuwa viwiri pawindo. Mayi wogulitsa anandikulungira m'pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Ndinakumbukira kuti mnansi wanga wogulitsa mtedza anandipemphapo mapepala akale a Tika okulungira malonda, ndipo ndinatsala pang'ono kumupatsa kuti manyazi anga achoke m'nyumba. Chimene chinandiletsa ndi dzanja la mwana wanga, poti m'mphepete mwina analembamo yekha ndi pensulo.

Tinanyamuka itakwana eyiti, mtengo wake makwacha khumi ndi asanu. Titalowa mu Great East Road, mitengo ya jakaranda inali itagwetsa maluwa ake m'mbali mwa msewu. Pa Northmead basi inaima kutsitsa anthu, ndipo ndinaona sitolo imene Tika anagulamo nkhuku yowotcha tsiku limene analandira basale. Bungwe lina lothandiza atsikana ochita kafukufuku linamusankha. Linkamulipirira sukulu, chipinda, ndi ya basi yoyendera m'misika. Anafika kunyumba madzulo akuvina ndi nkhukuyo m'manja, nati, "Amama, kuyambira mawa ku Kabulonga simupitanso." Ndinali nditachapa zovala m'nyumba za ku Kabulonga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri chimwalirire atate ake. Ndinapitabe mpaka mwezi unatha, poti munthu suchoka pakhomo pa anthu osatsazika bwino. Tinadya nkhuku yonse awiriwiri, mpaka mafupa.

Ndinatsika pa geti la yunivesite cha m'ma naini koloko. Mlonda anandifunsa kumene ndikupita. Ndinati kwa a Dokotala. Anayamba kundilozera kukiliniki, koma ndinamuuza mmene ankanenera Tika, kuti ndi dokotala wa mabuku, osati wa jakisoni. Anaseka, nandilola.

Kuchoka pa geti kukafika ku nyumba zophunziriramo ndi kamtunda. Msewu umadutsa pafupi ndi madziwe ozunguliridwa ndi mitengo. Pansi pa mitengoyo ena ankawerenga, ena ankapemphera mokweza manja, ndipo awiri ena anali atatsegula buku limodzi koma osaliyang'ana n'komwe. Ndinadutsapo kale kawiri kokha: tsiku limene ndinamuperekeza koyamba nditasenza ndowa ndi mapoto, ndi tsiku limene anavala mkanjo wa digiri yoyamba. Tsiku la ndowa lija anandipempha kuti ndiitule ndiinyamule m'manja, ati anthu akuona. Ndinakana. Tinakangana mpaka pakhomo la hositelo.

Bwalya anandipeza ndili chiimire pafupi ndi madziwe aja.

"Ba mayo, mwabwela! Muli shani? Mwayonda, simukudya imwe."

Anandikumbatira, tinalira pang'ono, kenako anandilanda chikwama. Nditafuna kukaniza anati, "Ba mayo, Tika angananikalipila nikakusiyani munyamule."

Anayamba wandionetsa kumene ankakhala. Ophunzira a masitazi ali ndi mbali yawo, yachete kusiyana ndi ya ana ongoyamba kumene. Ambiri ndi akuluakulu, ena a mabanja. Ndinaona bambo wa imvi akuchapa yekha masokosi pampopi, ndipo Bwalya anandinong'oneza kuti kwawo ndi hedimasitala. M'chipinda munali mabedi awiri, kachitofu ka magetsi ndi poto wanga wa makutu awiri, amene ndinamufunafuna chaka chathunthu kunyumba. Pa bedi la Tika pankagona mtsikana wina tsopano. Sindinakhalitse.

Potuluka tinadutsa pa bolodi lalikulu lomatapo mapepala. Bwalya anati pamenepo ndi pamene amaika zidziwitso za mabasale, za ndalama zothandizira kafukufuku, ndi za ganyu yophunzitsa ana a chaka choyamba. Tika ankapitapo m'mawa uliwonse asanadye, ndipo akapeza yoyenera mnzake ankaijambula pafoni n'kumutumizira. Basale ya Bwalya inapezeka choncho. Anandionetsanso chitseko chobiriwira cha alangizi, kumene ophunzira amapita mtima ukalema.

"Ine ninayendako mwezi wonse," anatero. "Sininali kugona mu chipinda muja. Ba mayo, na imwe mufunika munthu wokamba naye."

Ndinati ndili ndi amayi a chigwirizano kutchalitchi. Zoona zake n'zakuti za mapepala aja ngakhale iwo sindinawauze.

Itakwana teni tinakwera masitepe mpaka nyumba yachitatu pamwamba. A Dokotala anali mayi wamfupi, wa tsitsi lometa, wovala nsapato zothamangira. Muofesi mwawo mabuku anali mpaka pansi. Anachotsa mulu wina pampando kuti ndikhale, nandipepesa maliro ndi manja awiri. Chinyanja chawo chinali cha munthu wa kumwera, koma chomveka.

Ndinamasula chitenje. Ndisanawapatse ndinanena mawu amene ndinakonza njira yonse.

"Amayi, mumukhululukire mwana wanga. Anayesetsa. Mwina anatengera mutu wanga. Chimene ndikupempha n'chakuti a bungwe lija musawauze kuti analephera. Dzina lake ligone bwino."

A Dokotala anavula magalasi.

"Analephera? Wakuuzani ndani?"

Ndinaloza inki.

Anayang'ana tsambalo, nayang'ana ine, kenako anagwira pakamwa. Bwalya ndiye analephera kudzigwira.

"Ba mayo! Iyi ni ing'ono. Yanga inabwela monga baphelapo mbuzi!"

"Amayi," anatero a Dokotala, "dzanja ili ndi langa. Ine ntchito yoipa sinditayirapo inki. Ndimalemba mzere umodzi wokha pamwamba, kuti bwera udzandione. Ndikadetsa tsamba lililonse chonchi, ndiye kuti ndawerenga mawu onse, ndipo ndikufuna atuluke osalala poti anthu a kunja adzawawerenga. Ili linali buku lonse, lomaliza. Kunangotsala kukonza izi."

Ndinafunsa za chongi. Anati kuno chongi salemba, munthu amangodziwa kuti wakhoza akamuvutitsa kwambiri.

Sindinalire pomwepo. Ndinangomva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinayenda nawo kuchokera kudambo, khosi likadali lowuma.

Anayamba kutsegula masamba limodzilimodzi, akuwerenga manambala a pansi. Onse analipo. Anati laputopu itapita, awa ndiwo okha otsala padziko. Ndinakumbukira mnansi wanga wa mtedza, thukuta linandituluka. Atafika chapakati anaima, naloza pamene anazunguliza kawiri.

"Apa pokha ndi pamene pandivuta. Tika analemba za mayi wina wa ku Kabwata, sanamutchule dzina poti malamulo salola. Mayiyu mfutso wake sutaya mtundu, umakhala wobiriwira mpaka mvula. Akuti amafutsa masamba pang'ono asanayanike. Ndiye ndinafunsa apa kuti, mphindi zingati? Tika anati akamufunsanso. Kaya tingamupeze bwanji mayiyu."

Ndinawapempha kuti andimasulire zimene mayiyo ananena. Anawerenga: masamba a mnkhwani othyola m'mawa mame asanaume, kamchere pang'ono, soda ayi, kuyanika padenga mpaka dzuwa lifike pamutu, kenako kulowetsa pakhonde.

Ndinakumbukira Loweruka lina Tika atakhala pa mpando wa pakhomo, foni ataiika pa ndowa, akundifunsa mafunso ngati mlendo. Ndinkayesa akungocheza.

"Mayiyo wotchi alibe," ndinatero. "Amatsina phesi ndi chala. Likalola koma osaphwanyika, waphula."

A Dokotala anazindikira pomwepo kuti mayi uja ndine. Kenako anatenga cholembera chofiira chomwe chija, nalemba mawu anga m'mphepete. Anati Loweruka abwera ku Kabwata ndi Bwalya ndi wotchi, ine ndidzatsine, iwo adzawerenge mphindi. Ndinawauza kuti mnkhwani wa mu Okutobala ndi wa kudimba, wodula. Anati agula okha.

Za digiri sanandinamize. Anati anzake a Tika alembanso bukulo pa kompyuta, lipite kwa oyesa, kenako akuluakulu a sukulu akhale pansi, poti lamulo limalola kupereka digiri kwa munthu amene anamwalira ntchito atamaliza. Tsiku sanalonjeze. Anangoti akaimirira okha kukalankhula. Mapepala anawajambula pa makina, enieniwo n'kundibwezera.

Bwalya anandigulira chakudya pa kantini ya ophunzira, mpunga ndi nyemba, ndipo anandikakamiza kutenga poto wanga. Ndinati akhale naye mpaka amalize, adzabweze atavala mkanjo.

Ndinakwera basi yobwerera m'tauni itangopitirira thuu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Chitenje chija ndinachipinda padera. Mapepala ndinawaika pamiyendo, ndikutsegula tsamba ndi tsamba, ngakhale sindimva Chingerezi. Ndinkangotsata dzanja lofiira lija, kuona mmene munthu wina anakhalira pansi ndi mwana wanga mzere uliwonse. Miyezi inayi ndinagonera chinthu chimene ndinayenera kuchipachika pakhoma, chifukwa choopa kufunsa.

Titadutsa Northmead, mayi amene anakhala pambali panga, wonyamula thumba la tomato, anasuzumira.

"Mayo ine, kufiila konse uku! Mwana wanu anafeluka?"

Ndinasalaza tsambalo ndi chikhatho.

"Iyayi, amayi. Anamaliza. Kwangotsala funso limodzi, ndikayankha ndine Loweruka."