Dothi la m'ngodya zinayi

Rufunsa atangokhala boma payekha, ndinasita malaya anga oyera n'kukasiya mapepala a sukulu ya zaulimi, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti boma latsopano lifuna alangizi atsopano. Ndinadikira mvula ziwiri, dzina langa osatuluka. Ine kudikira sindikutha, ndiye ndinagula njinga yakale ndi kabokosi koyezera dothi, n'kuyamba kuzungulira midzi ya pakati pa Mpanshya ndi Shikabeta ngati mlangizi wapandekha. Wokhutira ndi malangizo anga ankandipatsa chitini cha chimanga, mtedza, mwina nkhuku. Pa ntchito yotere ulibe yunifomu, ulibe chidindo. Chimene uli nacho ndi dzina basi, ndipo langa ndinatsala pang'ono kulikwirira ndi khasu langa lomwe.

Kunjira ya ku Shikabeta kunali mayi wina wamasiye wa ana anayi. Chimanga chake chinkachita chikasu chaka ndi chaka, ngakhale athire feteleza. Tinapangana kuti ndibwere Lachitatu kudzayeza dothi. Nditafika ndinapeza atapita kuchipatala ndi mwana wodwala. Dzuwa la Okutobala linali litandiwotcha ulendo wonse, ndipo kubwerera chimanjamanja sindinafune. Ndinalowa m'munda ndekha n'kuchita monga anatiphunzitsira: kukumba pang'ono m'ngodya zonse zinayi ndi pakati, kuika dothi m'timapepala ta pulasitiki, kumanga bwinobwino. Azimayi ena opita kukatunga madzi anaima n'kumandiyang'ana. Ndinawapatsa moni, sanayankhe. Ndinangoti ndi manyazi a kumudzi.

Dothi lija linali lowawasa, lofuna laimu, ufa woyera wothetsa kuwawasako. Ndinabwererako ndi nkhani yabwinoyi, koma mayi uja anandiimika ndisanatsike n'komwe panjinga.

"Munatenga kale chimene munafuna, ba alangizi. Yendani bwino."

Sindinamvetse. Chaka chimenecho munda wake unakanikanso, pamene wanga wa kufupi ndi Mpanshya, womwe ndinathira laimu, unabereka ziwiriziwiri. Ine n'kumaitana aliyense wodutsa kuti adzaone, chitsiru ine. Palibe anabwera. Amene ankandiitana kale anasiya, ndipo ndikafika pamudzi eni minda ankakhala atangochoka kumene.

Anandimasulira ndi bambo wokonza njinga pamsika, ali mkati momata chubu changa.

"Imwe ba alangizi, munaphunzira maningi, koma mutu mulibe. Munthu wotenga dothi m'makona anayi ya munda wa mnzake, mwini wake kulibe, afuna chani? Manje onani, munda wa amai wafa, wanu wabala. Mufuna anthu akambe chani?"

Ndinapsa mtima mpaka ndinakankha njinga ija kupita nayo kunyumba tayala lili lophwa. Koma mkwiyo utatsika panatsala manyazi. Ndine mwana wa kumudzi. Ndinakula ndikumva za anthu okoka zokolola za anzawo ndi mankhwala, ndipo ndinkadziwa kuti amayambira pa dothi la m'ngodya. Sukulu inandiiwalitsa zimene mwana aliyense amadziwa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya lambiri.

Mkazi wanga anati mlamu wanga ku Lusaka akufuna munthu wogulitsa mbewu m'sitolo. Anali ndi mfundo, chifukwa pakhomo nkhuku zinali zitasiya kubwera. Ndinakana. Ndikanachoka, ndiye kuti ndavomera kuti ndinaba munda wa mkazi wamasiye, ndipo chimanga chake chikanapitirira kufa ndi matenda amene ndinkadziwa mankhwala ake. Zimenezo zinkandiwawa kuposa njala.

Mayi uja ankapemphera ku mishoni ya ku Mpanshya. Lamlungu lina misa itatha ndinamudikira panjira, khasu lili paphewa, anthu onse akuona. Ndinatsitsa khasulo pansi, ndinavula chipewa.

"Amai, ninalakwa kuloŵa m'munda mwanu inu kulibe. Munda wanga uli apa pafupi. Tiyeni mukumbe mweka, makona yonse anayi na pakati. Mutenge mupite nalo."

Anthu anayamba kung'ung'udza, wina anaseka. Kenako mayi uja anatola khasu lija. Tinapita kumunda kwanga gulu lonse likutitsatira, iye atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Sanakumbe pang'ono ngati ine, anakumba ngati akufukula chinangwa, n'kumanga dothi langa m'mpango wake.

Mlungu wotsatira anandilola kufika pakhomo pake. Anakumba yekha dothi la m'munda mwake, ndipo tinayeza lake ndi langa moyandikana, iye akudontheza yekha madzi oyezera. Mitundu inatuluka yosiyana. Ndinamufotokozera kuti munda wake ndi wowawasa, n'chifukwa chake feteleza amangopita pachabe. Dothi lake analibwezera m'munda ndi manja ake. Langa analimanganso.

"Ili nisunga," anatero. "Munda wanga ukafa futi, nizadziŵa pa kuyambira."

Anagulitsa mbuzi n'kugula laimu wokwana theka la munda, ndipo tinauthira mvula isanagwe. Dzinja lonse ndinkapalasa njinga kukauona, koma sindinapondemo iye palibe. Ndikamupeza atachoka, ndinkakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa njira mpaka abwere, ine wosadziwa kudikira uja. Kuyambira pamenepo ndi mmene ndimagwirira ntchito: mwini munda akumba yekha, aona yekha, abweza yekha.

Theka lothira laimu lija silinachite zodabwitsa, koma linabiriwira n'kubereka, ndipo malire ake ndi theka linalo ankaonekera uli kumsewu. Atakolola ndinaona azimayi anayi akulowa pakhomo panga m'mawa, iye ali patsogolo. Atatu enawo anali omwe aja anakana moni wanga, aliyense atanyamula dothi la m'munda mwake m'kansalu. Ndinasangalala mpaka ndinaiwala kuwapatsa mphasa.

Titamaliza kuyeza ndinamufunsa mayi uja ngati wabweretsa dothi langa.

"Lanu likhale kwanga, ba alangizi," anatero akumanga chitenje. "Theka lina la munda mukalibe kuchiritsa."