Buledi Wodula ndi Ulusi

Mafuta a makina osokera akandinunkhira, ngakhale lero, ndimaona khonde la ba Madamu ku komboni ya Linda: utsi wa mbaula ukulowa pazenera, tizidutswa ta nsalu titamwazika pansi, phazi lawo likupalasa makina, ndipo mphepo ikachokera kumtsinje, mkokomo wa mathithi ukumveka chapatali.

Anali mzungu wa ku Falansa, dzina lawo Odette, koma dzinalo linkatilemera pakamwa. Anabwera ndi mwamuna wawo, amene ankagwira ntchito kunjanji pamodzi ndi atate. Mwamunayo atamwalira, azungu ambiri atanyamukanso pa nthawi ya ufulu, iwo anatsala, nadzakhala pafupi nafe n'kumasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a ukwati. Zala zawo zinali zopindika ngati mizu. Buledi ankadula ndi ulusi, osati mpeni, ndipo ana tinkawaseka titabisala kuseri kwa mpanda.

Ndili ndi zaka khumi, atate anapanidwa ndi ngolo za sitima ali pantchito. Maliro anatha, achibale anabwerera kummawa, koma amayi sanadzuke pamphasa. Sankalira. Ankangoyang'ana khoma. Phala limene ba Namakau, anansi athu ena, ankabweretsa linkaumira m'mbale.

"Amake Yohane, mufuna mwana uyu asale na ndani?" ankatero ba Namakau, tsiku lina mochonderera, tsiku lina mokalipa. Mafupa a m'khosi mwa amayi anayamba kuonekera.

Masiku amenewo buledi ankasowa. Kuti umupeze unkaima pamzere kuyambira mbandakucha, anyamata a chipani akuyendayenda kufunsa makadi. Tsiku lina ba Madamu analowa m'nyumba mwathu ndi buledi wathunthu atamukulunga m'nsalu. Sanapepese maliro. Anavula nsapato, anakhala pansi movutikira, naika bulediyo ndi ulusi pakati pa iwo ndi amayi.

"Dulani."

"Sindikufuna, ba Madamu."

"Sininakambe kuti mudye. Nakamba kuti mudule. Wanjala ni ine."

Kenako anayamba kufotokoza, maso ali pa buledi. Ali mtsikana, asilikali a ku Jeremani analanda dziko lawo. Anawagwira chifukwa chobisa anthu ofunidwa, nawatsekera m'ngolo za ng'ombe pamodzi ndi akazi ena ambiri, ulendo wa kundende ya mpanda wa waya. Kumeneko ankakumba mchenga m'chisanu mpaka zala kufa dzanzi, ndipo pambuyo pake anawaika pa makina kuti azisoka malaya a asilikali omwewo amene anawagwira. Mipeni inali yoletsedwa. Kachidutswa kamodzi ka buledi ankagawana anthu awiri, pokadula ndi ulusi wosolola pa diresi. Akaziwo anadziikira lamulo: wina adule, wina asankhe, kuti pasakhale kuberana.

"Mnzanga anali Simone," anatero. "Iye kudula, ine kusankha. Tsiku lina Simone sanauke. Buledi yonse inakhala yanga, koma sininakwanise kumeza. Ndiye mkazi wina, chikambidwe chake sininali kumvera, anakhala pafupi na ine, ananipasa ulusi. Anakana kudya mpaka nidule. Ndiye chake nili pano."

Dzuwa linachoka pakhomo n'kukafika pazenera, ntchentche zikuzungulira nsalu ija, ine nditakhala pambali pa amayi mimba ikulira. Ba Madamu anali asanalawe kanthu chichokereni pamzere wa buledi.

"Amake Yohane, ine ni nkhalamba. Nikafera pa mphasa yanu, muzakamba chani ku polisi? Ati mzungu anafa na njala, buledi ili pamenso?"

Pakhosi pa amayi panatuluka kamawu, kaya kunali kuseka kaya kulira. Anatola ulusi, naukulunga kuzala, nakoka. Zidutswazo sizinafanane. Ba Madamu anasankha chachikulu mopanda manyazi, nandinyemerako.

"Chosala ni chanu," anauza amayi. "Kundende sitinali kutaya."

Amayi anadya pang'onopang'ono, misozi ikugwera pa buledi. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi tsache lawo pabwalo.

Ba Madamu anamwalira ine ndili ku koleji. Mkazi wanga Monde tinamuika mwezi watha, ndipo za iye sindinafike poti ndinganene. Ndimapita kusukulu kukaphunzitsa, ndimabwera, ndimaphikira mwana wathu Inonge, ndipo akandifunsa ndimati ndadya kale.

Lero m'mawa Inonge anakankha mbale yake ya buledi. "Na ine nadya kale, atate."

Ndinatsegula kabokosi ka zosokera ka amayi ake, kamene ndinali ndisanakakhudze chiikireni maliro. Fungo lija la mafuta a makina linali momwemo. Ndinasolola ulusi, n'kuika buledi uja pakati pathu.

"Ine ndidula, iwe usankhe," ndinatero.

Inonge anayang'ana zidutswa ziwirizo kwa nthawi. Anatenga chaching'ono, nandikankhira chachikulu, ndipo sanaike chake pakamwa mpaka ataona kuti ndameza.