Khomo la Kumaso la Alamu Anga

Sabata yatha mlongo wanga Nangozo anagwa pa masitepe a kuseri kwa nyumba yake, ndowa ya madzi ili pamutu. Mwendo unathyoka pansi pa bondo. Tinamukweza pa ngolo mpaka ku msewu waukulu, ndipo lole ya kachewere inamufikitsa ku chipatala cha pa Boma. Anamuika chikhakha. Achira.

Koma sindikulemba za mwendo. Miyendo imathyoka tsiku lililonse. Ndikulemba za khomo.

Tsiku loti atuluke litayandikira, Nangozo anandituma kwa mwamuna wake, a Filipo. Anati ndi chikhakha chimenechi masitepe aja sangawakwerenso, ndipo sakufuna kunyamulidwa ngati thumba la feteleza pamaso pa adzukulu. Khomo la kumaso litsegulidwe. Likapanda kutsegulidwa, iye akakhala kwa mwana wake wamkazi ku Linthipe, ndipo a Filipo atsale ndi nyumba yawoyo, aziiphikira, azicheza nayo.

Mwina mukudabwa. Kodi kutsegula khomo kumafunanso mkhalapakati? Dikirani.

Amene munadutsapo njira yochoka ku Linthipe kulowera ku Chongoni mukuidziwa nyumbayi, ngakhale mwini wake simumudziwa. Ili pamtsetse, payokha. Denga lake ndi la malata, losongoka ngati la tchalitchi. Khonde lazungulira mbali zitatu, ndipo pamwamba pa mizati yake pali timatabwa tobooledwabooledwa ngati nsalu yoluka ya pa guwa. Zenera limodzi latulukira kunja ngati mimba. Chumuni chilipo, chachitali, koma palibe anaonapo utsi ukutulukamo. Pakati penipeni pali chitseko cha mlombwa, chachikulu choti anthu awiri n'kulowa atagwirana mkono, chogwirira chake cha mkuwa chikung'anima.

Chitseko chimenechi a Filipo anachipachika ine ndisanachite imvi. Chipachikireni, chinali chisanatsegulidwepo.

Ana onse a m'nyumbamo anakula akulowera kuseri, pa kakhomo kopapatiza ndi kakafupi, kofunika kuwerama. Ansembe akabwera kudzadalitsa nyumba, amazungulira. Atcheyamani a chipani akabwera ndi makadi, amazungulira. Ine mwini mbumba ndakhala ndikuzungulira. Sindinafunsepo chifukwa. Mwamuna safunsa mwamuna mnzake za makomo ake.

Lachitatu m'mawa ndinapita. Nkhungu inali isanachoke m'phiri. Ndinawapeza pakhonde atagwada, akupukuta chogwirira chija ndi phulusa ndi kansanza. Ndinapereka uthenga monga ndinaulandirira, osachotsa, osawonjezera. Anangoti tikakhale kuseri, kumene kunali dzuwa.

Ine ndi a Filipo tonse tinapita ku Joni, koma sitinaone Joni mmodzi. Ine ndinali pansi pa nthaka, ndikuswa miyala. Iwo anali m'nyumba ya bwana wamkulu wa mgodi wina, m'katauni ka m'mapiri, atavala zoyera. Mpaka lero amanditcha mfuko. Ine ndimawatcha otsuka mapoto.

"Mfuko ingadziwe chiyani za nyumba, alamu?" anatero. "Inu munkagona pa shelefu ya simenti ku komboni."

Ndinati n'zoona, koma khomo la ku komboni linkatseguka.

Anaseka pang'ono. Pamenepo ndinaona mpata, ndipo ndinayamba kufunsa. Ndine munthu wa Sitandade 4 yakale, imene inali sukulu yeniyeni, ndipo chinthu ndikachiyamba ndimafuna kuchimva mpaka kumapeto.

Anati nyumba yawoyi anaitengera pa nyumba ya bwana uja. Denga losongoka chonchi n'lachiyani? Anati kwawo kwa Angerezi kumagwa chisanu chonga ufa, chimaunjikana padenga, ndipo denga likakhala lafulati limathyoka. Ndinafunsa ngati chisanu chotero chinkagwa ku tauni ya mgodiyo. Anati ayi. Nanga khonde? Anati khonde si la kwawo, Angereziwo analiwonjezera atapsa ndi dzuwa la kuno. Ndiye kuti nyumbayo pamwamba inkaopa chisanu, m'mbali inkaopa dzuwa. Ndinaona kuti nayonso inali mlendo ngati ife, yovala jekete ya kwawo ndi chipewa cha kwa eni.

Mbiri ya nyumba ya bwanayo a Filipo anaimva kwa khukhi wokalamba wa Chishangani amene anamupeza kumeneko. Golide atapezeka m'chigwamo, anthu anayamba kugona m'matenti, kenaka m'zisakasa za malata. Bwana woyamba anakana kubweretsa mkazi wake m'chisakasa. Anasankha nyumba m'buku la zithunzi, m'masiku a mfumukazi yakale ija ya Angerezi, imene nkhope yake tinkaiona pa makobidi ofufutika tili ana. Nyumbayo inabwera pa sitima ya pamadzi ili m'mabokosi: malata, mazenera, zitsulo zoluka za pakhonde, ngakhale misomali. Ng'ombe zinaikoka mpaka kumapiri, amisiri n'kuilumikiza. Taganizani, nyumba kuyenda ulendo ngati munthu wopita kukafuna ntchito.

Pamene a Filipo ankachokako, golide anali atayamba kuchepa ndipo tauni inali itayamba kugona. Sakudziwa ngati nyumba ija ikadalipo. Anati mwina yatsala ndi ya kuno yokha. Ananena zimenezi akuyang'ana denga lawo, ndipo sindinawatsutse.

Nanga anaitenga bwanji, popeza sadziwa kujambula? Bwana akapita kutchuthi, iwo ankatenga chingwe n'kuyesa chipinda chilichonse, kumanga mfundo pamene khoma lathera. Anzathu anabwera kumudzi ndi njinga ndi magalamafoni. A Filipo anabwera ndi chingwe cha mfundo ndi chogwirira cha mkuwa chimene anagula kwa wogulitsa zakale. Zitsulo zoluka kunalibe kuno, choncho anaboola matabwa ndi mpeni, chilimwe ndi chilimwe. Pamwamba pa chitseko cha bwana panali magalasi a mitundumitundu. Iwo anaikapo matako a mabotolo, obiriwira ndi ofiirira, omata ndi simenti. Ntchito ndi yabwino. Ndikunena ine, amene sindiyamikira msanga.

Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi ichi. Malemu amayi anga anawapatsa malo athyathyathya pafupi ndi chitsime, monga amachitira ndi mkamwini aliyense. A Filipo anakana, anasankha pamtsetse. Tonse tinkayesa ndi matama a munthu wobwera ndi ndalama. Lachitatu ndi pamene ndinamva chifukwa chake. Nyumba ya bwana inali pamtsetse. Kumaso kwake kunali kolingana ndi msewu, kuti dona, mkazi wa bwana, akatsika pa ngolo ya akavalo asakwere kanthu. Kuseri kunali m'mwamba, ndi masitepe otsikira ku bwalo la antchito.

Kani alamu anga ankafuna masitepe. Masitepe amene athyola mlongo wanga sanabwere mwangozi. Anabwera pa chingwe kuchokera ku Joni.

"Nanga khomo?" ndinafunsa.

Anatembenuza kansanza kaja m'manja. Kenaka anati m'nyumba ija ankadzuka m'mawa uliwonse kupukuta chogwirira cha kunja, n'kuzungulira kuseri, n'kulowa, n'kukapukuta cha m'kati. Zaka zonse anakhala kumeneko sanadutsepo pakati. Khomo limenelo linkatsegulidwira alendo olemekezeka okha, ndipo a Filipo ankaima pambali kulandira zipewa.

"Ndiye mlendo wanu ndi ndani?"

"Sanabwere."

Ndinati nanga ansembe? Anati tsiku limenelo anali ndi matope ku nsapato. Nanga atcheyamani? Anati anafika pa njinga, ali thukuta lokhalokha. Nanga ukwati wa mwana wawo woyamba? Anati anthu anachuluka, akanakanda utoto.

"Ndinkati akabwera ndidzamudziwa," anatero.

Inu amene mukuwerenga, musafulumire kuwaseka a Filipo. Lowani kaye m'nyumba zanu.

Makapu aja ali m'kabati, ndani anamwerapo tiyi? Bulangete latsopano lija lili m'sutikesi, pamene ana akunjenjemera mwezi wa Juni, likudikira yani? Ndalowa m'nyumba zambiri kuno kumapiri zimene pabalaza pake ndi pokhoma, mipando yophimbidwa ndi nsalu, eni ake ali mbuu ndi utsi m'khitchini pamodzi ndi nkhuku. Mukafunsa, amati n'za alendo. Mlendo akabwera, amati si ameneyu.

Boma likutiuza kuti timange nyumba za njerwa zosadontha. N'zabwino, ndipo tikumanga. Koma kamangidwe kake tikutengera kwa yani? Anyamata otuluka ku sekondale akaona nyumba ku Lilongwe amabwera nayo m'mutu monga a Filipo anabwera ndi chingwe. Alipo amene amafunsa kuti chipinda ichi anachipangira yani, khomo ili analichepetseranji? Ine sabata ino ndaphunzira kuti nyumba si makoma okha. Imabwera ndi malamulo ake. Khomo lalikulu limanena kuti bwana ndi uyu. Khomo laling'ono limanena kuti wantchito ndi uyu. Ukatengera zonse osafunsa, umadzuka tsiku lina uli wantchito m'nyumba imene njerwa zake unaumba wekha.

Mbendera inasintha, tonse tinakavina pa Boma. Koma m'nyumba ya alamu anga bwana anali asanachoke, ngakhale sanafikemo ndi tsiku limodzi lomwe.

Nyumba yanga ili ndi khomo limodzi. Ansembe, nkhuku ndi ine timalowera pomwepo.

Malo amene a Filipo anamangapo ndi a kwathu. Ndikanatha kulamula. Koma chitseko anasema okha, ndipo munthu wokalamba salamulidwa ngati mwana. Ndinangowauza kuti mawa kukubwera mayi amene wawatungira madzi pa masitepe amenewo mpaka mwendo wathyoka. Ngati iye si mlendo woyenera, ndiye kuti mlendoyo kulibe padziko, ndipo chitsekocho tingochichotsa tikatsekere khola la ng'ombe.

Anandiyang'ana moipa. Kenaka anadzuka, analowa, anatuluka ndi kiyi.

Kiyi inazungulira mosavuta, chifukwa loko ankathira mafuta chaka ndi chaka. Chitseko ndicho chinakana. Mvula inali itachitupitsa, ndipo utoto wa zaka zonsezi unali utachimata ku mphuthu. Tinadula utotowo ndi mpeni. Tinakankha ndi mapewa, nkhalamba ziwiri, mfuko ndi wotsuka mapoto. Pomaliza tinachichotsa pa mahinjesi n'kuchipala m'mphepete. Titachichotsa, a Filipo ankagwira ntchito ali mbali ya m'kati, ine kunja. Akafuna chida chimene chinali pakhonde, ankandipempha kuti ndiwapatsire.

Chitatseguka, mphepo ya kuphiri inalowa, inadutsa m'kanjira kowongoka ka pakati pa zipinda, n'kukatulukira kuseri. Fungo la chinyontho limene ndakhala ndikulimva m'nyumbamo chiyambire linayamba kuchoka. A Filipo anaima, mphepo ikuwakupiza malaya. Anati tsopano amvetsa chifukwa chake makomo awiriwo anayang'anizana, ndi chifukwa chake kwa bwana zovala sizinkachita nkhungu. Kanjirako anakamanga okha, ndi manja awo, koma ntchito yake anaidziwa Lachitatu lapitali.

Lachinayi masana ngolo inafika ndi Nangozo. Woyendetsa anafuna kuzungulira kuseri monga mwa masiku onse, ndinamuimitsa kumaso. Tinamutsitsa. Anaima ndi ndodo zake ziwiri, akuyang'ana khomo lotseguka. A Filipo anali pambali pa khomolo, atavala jekete ya ku tchalitchi, chipewa chili m'manja.

"Kodi ndigogode, bambo?" anafunsa Nangozo.

"Lowani, mayi."

Analowa pang'onopang'ono, palibe anamugwira. Anafika pabalaza, anachotsa nsalu pa mpando waukulu n'kukhala. Anati mipando yake ndi yolimba, koma apirira. Kenaka anati kukuzizira, ndipo popeza chumuni chilipo, moto uyatsidwe.

A Filipo anatulukira kuseri kukatenga nkhuni. Mulu wake uli cha kumbali kwa khonde, pafupi ndi khomo la kumaso. Ine ndinali pakhondepo, ndinawaona. Ananyamula nkhuni, anafika pa khomo lotseguka, anaima. Kenaka miyendo inawatembenuza yokha, n'kuyamba njira yozungulira.

Nangozo anawaonera pa zenera lotulukira kunja lija.

"A Filipo, masitepe amenewo adya kale mwendo umodzi. Wanu ukathyoka, akutungireni madzi ndani?"

Anabwerera. Anaika nkhuni pansi, anavula nsapato, anazinyamulanso nkhunizo. Khomo limenelo ndi lalitali, munthu angalowe atasenza mtolo. Koma alamu anga polowa anawerama.

Nanga inu, khomo lanu lija mukusungira yani?