Lusiyano, ndege ndi matimati aawisi

Lero ndege yothira feteleza m'minda ya tiyi yadutsa pamwamba pa nyumba, ndipo ndakukumbukira iwe Lusiyano mlongo wanga. Tsiku lomwe unabwera kuchokera kokayezetsa thupi kuti ukaphunzire kuyendetsa ndege, unatipeza ine ndi bambo tikugulitsa matimati pa Nkando. Unati a dokotala anakutsegulira buku la timadontho tamitundumitundu kuti uwerenge manambala obisika m'menemo, koma iwe sunaonemo kanthu. Akuti pa mapiko a ndege pamayaka nyali yofiira ndi yobiriwira, ndiye munthu wosasiyanitsa mitundu iwiriyi sangamupatse chiwongolero. Kenako unatola matimati awiri n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Achemwali, akupsa ndi ati apa?" Apo m'pamene ndinazindikira kuti zikoti zonse zomwe bambo ankakukwapula uli mwana chifukwa chothyola matimati aawisi unkangozilandira wosalakwa.

Bambo sanakumvere chisoni. Anaseka msika wonse ukumva, amvekere, "Munthu wolephera matimati ankafuna kupha anthu mumlengalenga!" Kuyambira pamenepo aliyense ankakutchula kuti a Payiloti, mpaka ana, pomwe iwe ukupalasa kabaza pa Limbuli thukuta lili kamukamu. Lole itakugunda, omwewo anabwera kumaliro akunong'onezana kuti a Payiloti atera. Bambo anaika pamanda pako nkhata yaikulu ya maluwa ofiira ndi masamba obiriwira, akulira kuposa tonse. Kupepesa kwawo kunali komweko, Lusiyano, ndipo anasankha mitundu yomwe sukanaiona.